Malume anati chithunzicho n'chabodza

Pa laputopu yanga pali chithunzi chimene sindinachisinthepo chiyambire chaka choyamba kukoleji. Ndi zipilala zitatu zofiirira, zokhala ngati ziulu za chiswe zazitali kwambiri, zitaima pakati pa nkhungu yobiriwira. Ambiri mwa inu munachionapo ngakhale simukudziwa dzina lake. Amachitcha Pillars of Creation, tinene kuti Nsanamira za Chilengedwe. Chinajambulidwa pa 1 Epulo 1995 ndi telesikopu ya Hubble, ndipo amene anachikonza ndi Jeff Hester ndi Paul Scowen a ku Arizona State University. Zipilalazo ndi mitambo ya mpweya ndi fumbi mkati mwa chimtambo chachikulu chotchedwa Eagle Nebula, ndipo mkati mwake mukubadwa nyenyezi.

Holide yapitayi ndili kumudzi, malume anga anandipeza ndikutchaja laputopuyo pa sola yawo. Anawerama n'kuyang'anitsitsa.

"Ichi n'chiyani, mphwanga?"

Ndinawafotokozera monyadira, monga mmene timachitira ife ophunzira tikapeza mpata woonetsa kuti fizi sikupita pachabe. Ndinawauza kuti kuwala kumathamanga makilomita 300,000 pa sekondi imodzi, komabe kuti kuchoke kumeneko n'kudzafika kuno kumatenga zaka pafupifupi 6,500. Ndinawauzanso kuti chipilala chachitali kwambiricho, kuwala kumatenga zaka pafupifupi zinayi kuti kuyende kuchokera patsinde kukafika kunsonga.

Anamvetsera mpaka ndinamaliza. Kenako anati, "Zabodza izi. Azungu amapenta pa kompyuta, inu n'kumakhulupirira. Ine ndakhala ndikuyang'ana kumwambaku zaka zonsezi, zobiriwira sindinazionepo."

Malumewo si munthu woti n'kumuseka. Chaka chatha munthu wina anawatumizira pa WhatsApp chithunzi cha njinga yamoto yogulitsa, yokongola, mtengo wake wabwino. Anatumiza chikole chimene anachipeza atagulitsa soya, ndipo nambala ija sinapezekenso. Kuchokera pamenepo chithunzi chilichonse chokongola kwambiri amachiona ngati msampha. Ine ndinawayankha mwamwano pang'ono kuti NASA singaname, n'kutseka laputopu.

Usiku umenewo ndinagula bandulo kuti ndisonkhanitse umboni wowagonjetsera mawa lake. Zimene ndinapeza zinandichititsa manyazi. Pa mfundo ya mitundu, malume ankanena zoona.

Kamera ya Hubble siona mitundu. Imangowerenga kuchuluka kwa kuwala kumene kwagwa pa kadontho kalikonse, ndiye chithunzi chimene imatulutsa chimakhala chakuda ndi choyera. Kuti apeze mitundu, asayansi amaika sefa kutsogolo kwa kamera, yolola kuwala kwa mtundu umodzi wokha kudutsa, monga mmene sefa ya ufa imatsekera gaga. Pa chithunzi cha 1995 chija anagwiritsa ntchito masefa atatu: ya kuwala kochokera ku haidrojeni, ya kuwala kochokera ku salufa, ndi ya kuwala kochokera ku okosijeni. Vuto linali loti haidrojeni ndi salufa onse awiri amawala mofiira. Kuwala kwa haidrojeni kuli pa mananomita 656, kwa salufa pa 672, moyandikana kwambiri moti diso silingasiyanitse. Akanasiya zonse zili zofiira, chithunzicho chikanakhala chimtambo chofiira chosasonyeza kuti pali chiyani pati. Choncho salufa anamusiyira kufiira, haidrojeni anamupatsa kubiriwira, okosijeni anamupatsa buluu. Nkhungu yobiriwira imene ndakhala ndikuisirira zaka zitatu ija ndi haidrojeni, ndipo haidrojeniyo kuwala kwake n'kofiira.

Sindinagone bwino. Sikuti ndinkadandaula za NASA. Chimene chinkandiwawa chinali choti ndinateteza chinthu chimene sindinkachidziwa. Ndinachikhulupirira chifukwa cha dzina la amene anachitulutsa, monga mmene malume anakhulupirira njinga ija chifukwa inkaoneka bwino. Kusiyana kwathu kunali koti iwo analipira ndi ndalama za soya n'kuphunzirapo kanthu, pamene ine ndinali ndisanalipirepo chilichonse.

M'mawa ndinawauza zimene ndinapeza. Anaseka pang'ono, osati monyoza, n'kunena kuti, "Si ndinanena?" Koma ine funso linali lisanandithere. Ngati mitunduyo ndi yoikidwa ndi anthu, nanga mtambowo? Ulipodi? Ndinaganiza zoti njira yokhayo yodziwira ndi kuyesa ndekha.

Eagle Nebula imadutsa pafupifupi pamutu penipeni pa munthu amene waima ku Lilongwe, madzulo a miyezi ya June mpaka Ogasiti, koma zipilala zija n'zazing'ono kwambiri kumwamba moti zimafuna telesikopu. Ine ndinalibe. Koma pali mtambo wina wa mtundu womwewo umene uli pafupi nafe, umene kuwala kwake kumatenga zaka pafupifupi 1,350 kuti kutifike, ndipo umaoneka ndi maso. Umatchedwa Orion Nebula. Mukapeza nyenyezi zitatu zondondozana zija zimene akuluakulu amati Akamwini Atsatana, yang'anani chakummwera kwake pang'ono. Pali kamzere kena ka tinyenyezi ting'onoting'ono, ndipo ka pakati sikathwanima bwinobwino ngati tinzake, kamaoneka ngati kapakidwa phulusa. Kameneko si nyenyezi imodzi. Ndi mtambo wa mpweya ndi fumbi, ndipo mkati mwake muli nyenyezi zinayi zowala kwambiri zotchedwa Trapezium zimene zimauwalitsa.

Ndinabwereka kamera kwa mnzanga wina wa pa tauni yathu amene amajambula maukwati, pamodzi ndi miyendo yake itatu ija yoimikapo ndi lenzi yokokera zakutali. Anandichenjeza kuti ndikaigwetsa ndigulitsa laputopu. Unali mwezi wa Seputembala, nthawi imene Akamwini Atsatana amatuluka pakati pa usiku n'kukwera bwino chakum'bandakucha. Ndinadikira usiku wopanda mwezi, n'kutchera alamu ya 3 koloko.

Kumudzi kwathu magetsi sanafike, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinaona kuti mdima umenewu uli ndi ntchito. Mlalang'amba unkaoneka bwinobwino. Ndinaimika kamera kuseri kwa khola la mbuzi, n'kuilozetsa pa kamtambo kaja.

Usiku woyamba ndinalephera. Ndinatsegula kamera kwa masekondi 30 kuti ilandire kuwala kokwanira, koma nyenyezi zonse zinatuluka ngati timizere. Ndinali nditaiwala chinthu chimene tinaphunzira ku pulayimale, choti dziko limazungulira. Kumwamba konse kumasuntha madigiri 15 pa ola, ndipo ukakokera pafupi ndi lenzi, kusunthako kumaoneka ngakhale pa masekondi ochepa. Ojambula amene ali ndi ndalama amagula kamakina kotembenuza kamera pang'onopang'ono motsatira nyenyezi. Ife opanda ndalama njira yathu ndi kujambula zithunzi zambirimbiri zazifupi, n'kudzaziphatikiza pa kompyuta.

Usiku wachiwiri kunali utsi wa moto wolusa umene anthu osaka mbewa anayatsa kudambo. Usiku wachitatu kunayera. Ndinajambula zithunzi 300, chilichonse cha sekondi imodzi, ndipo pakapita mphindi zingapo ndinkasuntha kamera chifukwa mtambowo unkathawira m'mbali. Zala zinauma ndi kuzizira. Ndili pakati pa ntchitoyo ndinamva chitseko, ndipo malume anatulukira atafunda bulangete.

"Ndimayesa wakuba mbuzi," anatero.

Ndinawalozera kamtambo kaja. Anayang'ana nthawi yaitali, kenako anavomera kuti pali kanthu kotuwa. Nditawaonetsa chithunzi chimodzi pa kagalasi ka kamera, panali mdima, timadontho ta nyenyezi, ndi kachidontho kotuwa pakati, zonse zitakutidwa ndi mchenga wonga uja wa pa TV yakale ikataya siteshoni.

"Ndiye zimenezi n'zimene ukudzukira usiku?"

Ndinalibe choyankha. Chithunzi chimodzi chinalidi chomvetsa chisoni.

Mchenga umenewo umachokera mu kamera momwemo komanso ku kuchepa kwa kuwala. Koma uli ndi khalidwe limodzi lothandiza: pa chithunzi chilichonse umagwa malo osiyana, pamene mtambo weniweniwo umakhala pamalo omwewo. Ukasanjikiza zithunzi zambiri, mchengawo umafafanizana wokha, ndipo chimene chilipodi chimatsala. Masamu ake ndi ouma mtima: kuti chithunzi chiyere kakhumi, pamafunika zithunzi 100. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ine ndinamvetsa mwambiwu bwino laputopu yanga yokalambayo ikulira kwa maola awiri, pulogalamu yaulere yotchedwa Siril ikulunzanitsa nyenyezi za zithunzi 300 zija.

Itamaliza, chithunzi chinali chakudabe. Kuwala kwa mtambowo kunalimo, koma kunali kotsika kwambiri moti sikirini sinkakuonetsa. Panafunika kukoka kachingwe kena kokweza mbali zakuda zija. Nditakoka, ndinangoti kakasi. Panatuluka mtambo wokhala ngati mbalame yotambasula mapiko, wotuwa pakati, wofiirira ngati duwa m'mbali, ndi kamzere kakuda ka fumbi kolowa mkati mwake. Sunali wokongola ngati wa Hubble. Unali wosokonekera pang'ono, nyenyezi zake zotupa. Koma unali womwewo umene ndinauona m'mabuku, ndipo unachokera kuseri kwa khola lathu.

Kufiira kumeneko sindinakuikemo ine. Ndi kuwala kwa haidrojeni kuja. Chifukwa chimene maso a malume anaonera phulusa lokha n'choti usiku diso la munthu limagwiritsa ntchito timaselo tomva kuwala kochepa, ndipo timeneti sitisiyanitsa mitundu, komanso kuwala kofiira kwambiri sitikumva bwino. N'chifukwa chake usiku malaya ofiira ndi obiriwira onse amaoneka otuwa. Komanso diso silisunga kuwala. Chimene lalandira pa kamphindi kameneko n'chomwecho. Kamera imatha kutchera ngati ndowa pansi pa denga lodontha mpaka madzi achuluke.

Zimenezi anthu anazizindikira kale, ndipo anazizindikirira pa mtambo womwewu. Pa 30 Seputembala 1880, Henry Draper wa ku America anajambula Orion Nebula, chithunzi choyamba cha mtambo wa mtunduwu, atatsegula kamera kwa mphindi pafupifupi 50. Mu 1883, Andrew Ainslie Common anaujambulanso ali kunyumba kwake ku Ealing, ku London, ndipo pa zithunzi zake panaoneka nyenyezi zimene munthu sakanaziona ndi diso ngakhale atasuzumira mu telesikopu yomweyo. Kuyambira pamenepo, cholinga chojambula zakumwamba chinasiya kukhala kukopera zimene diso likuona. Chinakhala kufika pamene diso lalephera.

Koma pali chinthu china chimene ndinachiona ndili pa laputopu paja, chimene chinandibwezera ku mawu a malume. Kachingwe kaja ndinkatha kukakoka pang'ono kapena kwambiri. Panalinso kena kowonjezera mphamvu ya mitundu. Nditakakoka mpaka kumapeto, mtambo unasanduka wofiira ngati moto, wokongola kwambiri, woti pa Facebook anthu akanaukonda. Koma nditayang'anitsitsa ndinaona kuti m'makona mwatuluka timitambo tina tobiriwira timene kumwamba kulibe, tongobadwa ndi mchenga uja. Panalibe aliyense wondiona. Ndikanatha kusiya choncho, ndikanathanso kufufuta kanyenyezi kamodzi kamene kankandisokoneza. Apa m'pamene ndinadziwira pamene bodza limayambira. Kukweza kuwala kumene kulipo kale kuti anthu akuone ndi chinthu china. Kuika chimene kulibe, kapena kuchotsa chimene chilipo, osanena, ndi chinanso. Ndinabweza kachingweko.

Tikaona motero, zimene Hester ndi Scowen anachita zili mbali yabwino ya malirewo. Sanawonjezere chipilala. Sanabise kuti kubiriwira kukuimira haidrojeni. Zinalembedwa poyera kuyambira pachiyambi, ndi ine amene sindinawerenge. Ngakhale kona ya kumanja kumwamba kwa chithunzicho, imene imaoneka yodukaduka ngati masitepe chifukwa cha mmene kamera ya nthawiyo inapangidwira, anaisiya yakuda osaidzaza ndi nyenyezi zopeka. Mitundu yawoyo ili ngati ya pa mapu a m'kalasi, pamene mapiri amapakidwa kofiirira ndipo zigwa kobiriwira. Palibe amene amapita pa Mulanje n'kukadandaula kuti phirilo silikufanana ndi pa mapu. Timadziwa kuti mtunduwo ukutiuza kutalika kwa malo.

Ndipo mitundu ya pa zipilala zija ikutiuza nkhani yeniyeni. Mkati mwake n'mozizira kwambiri, pafupifupi madigiri 260 pansi pa ziro. Pamalo pamene mpweya waunjikana, mphamvu yokoka imaukanikiza, umatentha pang'onopang'ono, mpaka pakati pake payambe kuyaka nyenyezi. Dzuwa lathu linabadwa motero zaka pafupifupi 4.6 biliyoni zapitazo. Chapafupi ndi zipilalazo pali gulu la nyenyezi zazikulu zotentha kwambiri lotchedwa NGC 6611, ndipo kuwala kwake kwamphamvu kukukokolola mtambowo. Pamene mpweya ndi wothinana kwambiri pamalimba, n'kutchinga zimene zili kuseri kwake. Mukayenda m'munda mvula yamphamvu itangokata, mudzaona timizati ta dothi tokhala ndi kamwala pamutu, dothi lozungulira litakokoloka. Zipilala zija zinapangika mofanana ndi timizati timeneti. Mkombero wowala umene uli m'mphepete mwake ndi mpweya umene ukuchotsedwa.

Mu 2022, telesikopu ya James Webb inajambula zipilala zomwezo. Iyoyi, imene inaulutsidwa pa 25 Disembala 2021 ndipo ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 1.5 miliyoni kuchokera padziko, imaona kuwala kwa infrared, kumene diso la munthu silikuona n'komwe. Kuwala kumeneku kumadutsa m'fumbi mosavuta, pa chifukwa chofanana ndi chimene dzuwa la Okutobala limaonekera lofiira kuseri kwa utsi: mafunde aatali amapyola pamene aafupi atsekeredwa. Pa chithunzi cha Webb zipilala zija zikuoneka zopyapyala, ndipo nyenyezi zongobadwa kumene, zimene pa chithunzi cha 1995 zinali zobisika, zikuonekera. Mitundu yonse pamenepo ndi yoikidwa, poti infrared ilibe mtundu umene ife tingautchule. Lamulo limene amatsatira n'loti mafunde aatali kwambiri apatsidwe kufiira, aafupi kwambiri apatsidwe buluu. Makina awiri osiyana, zaka 27 pakati pake, mitundu yosiyana, koma zipilala zili pamalo omwewo ndi maonekedwe omwewo. Zithunzi zoyambirira zosakonzedwa zimasungidwa pa intaneti m'nkhokwe yotchedwa MAST, ndipo aliyense wokhala ndi bandulo yokwanira angazitenge n'kuzikonza yekha. Anthu wamba okhala ndi matelesikopu kuseri kwa nyumba zawo amazijambulanso zipilalazo. Wogulitsa njinga uja sakanalola kuti munthu wina apite akaione.

Ndalemba zonsezi chifukwa ife a m'badwo uno tikulandira zithunzi zambiri tsiku lililonse kuposa zimene agogo athu anaona moyo wawo wonse, ndipo tsopano AI ikutha kupanga chithunzi cha chinthu chilichonse pa masekondi ochepa. M'magulu athu a WhatsApp ndimaona anthu a mitundu iwiri. Ena amatumiza chilichonse chimene chawasangalatsa. Ena, pofuna kuoneka ochenjera, amangoti zonse n'zopanga. Ine ndakhalapo m'gulu loyamba, malume ali m'gulu lachiwiri, ndipo tonse awiri tinkathawa ntchito imodzi, yofunsa. Funso loti "kodi chithunzichi chinakonzedwa?" silithandiza kwenikweni, chifukwa ngakhale foni yanu imakonza chithunzi chilichonse musanachione. Mafunso othandiza ndi awa: anachita chiyani pokonzapo, kodi ananena poyera, ndipo kodi munthu wina angapite kukayang'ana n'kupeza zomwezo? Mafunso omwewa ndi amene tiyenera kufunsa graph ya mu dissertation ya mnzathu, komanso ya mu yathu, pamene palibe wotiona ndipo kachingwe kali m'manja mwathu.

Tsiku loti ndibwerere kusukulu ndinawaonetsa malume chithunzi changa chomaliza. Ndinawaonetsanso chimodzi mwa 300 zija, ndi china chija chofiira ngati moto chimene ndinachikana, n'kuwafotokozera chifukwa chake. Anayang'ana zitatuzo mosinthasintha.

"Ichi ndiye chija tinkachiona kukholachi?"

"Ee, malume, n'chomwecho."

"Nanga mtundu wake weniweni ndi uti, wotuwa uja kapena uwu?"

Ndinawauza kuti wotuwa uja ndi umene maso athu amakwanitsa, ndipo wofiirirawu ndi umene kamera inapeza itadikira mphindi zisanu. Anakhala chete pang'ono. Kenako anati chija cha azungu sanachikhulupirirebe kwenikweni, koma ichi achivomera chifukwa analipo. Sindinawatsutse. Anandipempha kuti ndiwatumizire pa foni, ndipo anati ndikadzabwera pa Khirisimasi ndidzabwerekenso kamera ija, adzadine okha batani. Ndinawakumbutsa kuti nthawi imeneyo kumakhala mitambo ya mvula. Anati tidzadikira.